Liwu lakuti "linen" papaketi ya mashiti: ndi nsalu yanji kwenikweni, nanga mugule iti?

Paketi ija inali yokongola, zilembo zake zagolide: Luxury Bed Linen. Ndinalipira mosanyinyirika, mumtima ndikuti lero ndiye ndaipeza nsalu ija anthu amaitama kuti ukagonapo sutuluka thukuta. Pakati pa usiku ndinadzidzimuka msana utanyoweratu, shiti itandimata ngati jumbo. Kutacha ndinaitembenuza n'kupeza kansalu koyera kosokeredwa pakona, kaja ambirife sitikawerenga. Panalembedwa kuti 100% polyester, kutanthauza ulusi wapulasitiki wokhawokha. Chikomekome cha mkuyu. Ndinatsala pang'ono kubwerera kukakalipa, koma nditatsegula dikishonale ndinapeza kuti wogulitsayo sananame ngakhale pang'ono. Chinandipusitsa ndi liwu lakuti linen. Lili ndi matanthauzo awiri, ndipo amalonda amadziwa bwino kuti ogulafe timamva tanthauzo lina pamene iwo akunena lina.

Tanthauzo loyamba, lomwenso ndi lakale, ndi nsalu yowombedwa ndi ulusi wa chomera chotchedwa fulakesi. Chomerachi chimatalika pafupifupi mita imodzi, maluwa ake ndi obiriwira ngati thambo, ndipo akatswiri a zomera amachitcha Linum usitatissimum. M'Chingerezi chakale fulakesi ankamutcha lin, choncho linen ankatanthauza chinthu chopangidwa ndi fulakesi, monga momwe wooden amatanthauzira chinthu chamatabwa. Nsaluyi ndi yakale zedi. Aiguputo ankakulungira mitembo ya mafumu awo m'nsalu imeneyi, ndipo ku Petrie Museum mumzinda wa London kuli chovala chotchedwa Tarkhan dress, chopangidwa ndi fulakesi zaka zoposa 5,000 zapitazo.

Kwa zaka mazanamazana, mashiti, nsalu zapatebulo ndi zovala zamkati za anthu a ku Ulaya zinali za fulakesi. Motero dzina la nsalu linasanduka dzina la katunduyo. Thonje litatchipa chifukwa cha makina a m'mafakitale a ku England cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi m'ma 1800, mashiti ambiri anayamba kukhala athonje, koma dzina linatsalira. Lero Mngelezi akanena kuti bed linen akutanthauza mashiti, mapilokesi ndi chikuto cha duveti, kaya ndi zathonje kaya zapoliyesitala. Table linen ndi zoyala patebulo. Linen cupboard ndi kabati yosungiramo zonsezi, ngakhale mutakhala mulibe ulusi ndi umodzi womwe wa fulakesi. Wantchito wa ku hotela akati asintha linen, akunena zofunda zonse zapabedi. A ku Britain liwuli salichulukitsa kawirikawiri, pamene a ku America amakonda kunena kuti linens. Palinso mwambi wawo wonena za kuchapa dirty linen pagulu, kutanthauza kuulula zamanyazi za m'banja anthu akumva, ndipo linen wa m'mwambiwu ndi zovala zamkati.

Tisawaseke Angelezi, ifenso zinatichitikira. M'Baibulo la Chichewa, pamene la Chingerezi likunena linen, lathu limati bafuta. Koma liwu lofanana nalo m'Chiswahili, bafta, limanena nsalu yoyera yathonje, ndipo gwero lake ndi liwu la Chiperisiya lotanthauza chinthu chowombedwa. Dzina la nsalu limayenda ndi amalonda, n'kumakatera pa nsalu ina.

Ndiye poima m'sitolo paketi ili m'manja, muzidzifunsa kuti liwu limene mukuwerengalo likuyankha funso liti. Mawu ena amanena ulusi wake: cotton, linen, silk, polyester. Ena amangonena kawombedwe: percale, sateen, jersey. Ena amanena zimene anaichita nsaluyo itawombedwa kale, monga brushed kapena stonewashed. Paketi yolembedwa sateen yokha sinakuuzeni ngati ndi thonje kapena pulasitiki, ndipo yolembedwa cotton yokha sinakuuzeni mmene idzamvekere pakhungu. Mufunika mayankho onse awiri.

Linen weniweni

Wa fulakesi ndithu amalembedwa kuti 100% linen, pure linen kapena flax linen. Mukaona linen look kapena linen feel, dziwani kuti angoifananitsa maonekedwe, nthawi zambiri ndi poliyesitala kapena thonje lowombedwa ndi ulusi wokhala ndi timfundo. Linen blend ndi wosakaniza, ndipo pamenepo onani maperesenti, chifukwa fulakesi akhoza kukhalamo wochepa kwambiri.

Chimene chimakweza mtengo wake ndi ntchito. Fulakesi sadula, amazula ndi mizu yomwe kuti ulusi ukhale wautali. Mapesi ake amawayala m'munda kwa milungu ingapo kuti mame ndi mvula ziwoletse zomatira zimene zimagwira ulusi ku phesi. Akauma amawaphwanya, kuwapuntha ndi kuwapesa mpaka patsale ulusi wokhawokha. Fulakesi wambiri wa nsalu amalimidwa kumpoto kwa France, makamaka ku Normandy, komanso ku Belgium ndi ku Netherlands. Kale malo otchuka anali Ireland, moti mzinda wa Belfast unapatsidwa dzina lakuti Linenopolis m'zaka za m'ma 1800. Koma mawu akuti French linen kapena Belgian linen papaketi nthawi zina amangonena kumene fulakesiyo analimidwa, kuwomba ndi kusoka kunachitikira kwina.

Pogona, ubwino wake ndi woti amamwa thukuta n'kuuma msanga, ndipo sakakamira pathupi. Ulusi wake ndi wolimba kuposa wa thonje, ndipo ukanyowa umalimba kwambiri, n'chifukwa chake shiti yabwino ya linen imapirira kuchapidwa zaka zambiri. Ikakhala yatsopano imakhakhala, ena mpaka amati imakanda. Imafewa pang'onopang'ono mukamaichapa. Yolembedwa stonewashed kapena garment washed anaifewetseratu kufakitale, koma kufewetsako kumadyako moyo wake pang'ono.

Choipa chake ndi makwinya. Ulusi wa fulakesi sutamuka, ukapindika wapindika. Mukagonapo usiku umodzi bedi limaoneka ngati panalimbana anthu. Ena makwinyawo amawakonda, amati ndiwo ulemerero wake. Ngati ndinu munthu woti bedi lanu lizikhala losalala ngati la ku hotela, konzekerani kusita idakali yachinyezi, ndi simbi yotentha kwambiri. Ndipo musamaipinde pamalo amodzimodzi nthawi zonse, chifukwa pamzere wopindapo ndi pamene ulusi umayambira kuduka.

Thonje, koma lowombedwa motani?

Mashiti ambiri abwino ndi athonje, ndipo mawu awiri amene mudzakumane nawo kawirikawiri ndi percale ndi sateen. Onsewa ulusi wake ukhoza kukhala womwewo. Kusiyana kuli pa mmene ulusi wa m'litali ndi wopingasa ukudutsirana.

Percale ndi kawombedwe kamene ulusi umadutsa pamwamba pa umodzi, pansi pa wotsatira, monga polukira mphasa. Nsalu yake siwala, imakhala yolimbirapo, ndipo mukaigwedeza imalira pang'ono ngati pepala. Mpweya umadutsa bwino, ndiye imazizirira thupi. Mukaikapo phazi usiku wotentha mumamva kuzizira kuja kumene kumakupangitsani kufunafuna mbali ina ya shiti imene simunagonepo. Imakwinyika, koma osati ngati linen. Kwa munthu wotuluka thukuta usiku amene sakufuna kulipira mtengo wa linen, ine ndimati percale ya thonje lokhalokha ndiyo yoyenera, ndipo ndi imene ndimagwiritsa ntchito masiku ambiri.

Sateen ulusi wake umadumpha pamwamba pa ulusi utatu kapena unayi usanalowe pansi pa umodzi. Choncho pamwamba pa nsalu pamakhala ulusi wautali wogona mbali imodzi, ndipo ndiwo umachititsa kusalala ndi kunyezimira. M'sitolo sateen ndi amene amakopa, chifukwa ukangomukhudza dzanja limatsetsereka. Sakwinyika kwambiri, amalemerera, amagona bwino pabedi. Koma amasunga kutentha kuposa percale, ndipo ulusi wodumphawo umakoledwa mosavuta. Chikhadabo chosawenga, chidendene chong'aluka kapena mphaka wokonda kukwera pabedi, zonsezi zimausolola. Kunyezimirako nako kumachepa mukachapa kangapo. Musasokoneze sateen ndi satin. Kawombedwe n'kofanana, koma satin amapangidwa ndi ulusi wautali wosadukiza wa silika kapena poliyesitala, ndipo mashiti otchipa olembedwa satin pafupifupi onse ndi apoliyesitala: oterera, otentha, pilo n'kumagwa pansi usiku.

Apa ndi pamene pamabwera nambala ija imalembedwa mwa zilembo zazikulu, thread count. Ndi chiwerengero cha ulusi, wa m'litali ndi wopingasa pamodzi, m'kachigawo ka nsalu kotalika inchi imodzi mbali zonse. Percale imayambira pa 180, ndipo yapakati pa 200 ndi 400 imakhala yabwino ndithu. Sateen amakwererapo, 300 mpaka 600. Kupitirira pamenepo muzikayikira. M'kachigawo ka inchi imodzi simungalowe ulusi wopanda malire, ndiye opanga ena amapota timaulusi tiwiri kapena titatu tochepa mphamvu kukhala ulusi umodzi, n'kuwerenga kalikonse pakokha. Nsalu ya 300 imasanduka 900 papaketi popanda kusintha kanthu, kupatula kuti ndi yolemera ndiponso yotentha. Ndipo nambala imeneyi musayese nayo linen. Ulusi wa fulakesi ndi wonenepa, moti shiti yapamwamba ikhoza kukhala ndi 80 mpaka 150 basi. Linen amamuyesa ndi kulemera kwake, magalamu pa sikweya mita, zimene amalemba kuti gsm.

Chofunika kuposa nambalayo ndi kutalika kwa timaulusi ta thonjelo lisanapotedwe. Thonje la timaulusi tatitali limapotedwa kukhala ulusi woonda, wosalala ndi wolimba, wosachita timibulu tija timatuluka pa nsalu ikakhuzika. Thonje lambiri padziko lapansi, pafupifupi 90 pa 100 iliyonse, ndi la mtundu wa Gossypium hirsutum, la timaulusi tatifupi kapena tapakatikati. La timaulusi tatitali kwambiri ndi Gossypium barbadense, ndipo ndi limene limagulitsidwa ndi mayina akuti Pima, Supima komanso mitundu yapamwamba ya Egyptian cotton. Dzina lomalizali ndi limene limabedwa kwambiri. Mu 2016 sitolo yaikulu ya ku America yotchedwa Target inasiya kugula katundu ku kampani ya ku India ya Welspun itapeza kuti mashiti amene ankagulitsidwa ngati a thonje la ku Egypt anali a thonje lina. Ngati sitolo yaikulu choncho inapusitsidwa, kuli bwanji inu ndi ine? Paketi yotchipa modabwitsa yolembedwa Egyptian quality kapena Egyptian comfort ikungobwereka dzina.

Zapulasitiki ndi zosakaniza

Shiti yanga ya usiku uja inali microfibre, kutanthauza poliyesitala wa ulusi woonda kwambiri kuposa wa silika. Ndisainyoze kotheratu. Ndi yotchipa, ndi yofewa ikadali yatsopano, siifuna kusita, imauma mwachangu pachingwe, ndipo mtundu wake susuluka msanga. Kwa bedi la mwana amene amakodzerabe pogona, kapena chipinda cha alendo chogonamo anthu kawiri pachaka, palibe chodandaula. Koma poliyesitala samwa madzi. Thukuta limangokhala pakati pa khungu ndi nsalu. Imagwiranso mafuta a m'thupi ndi odzola, moti pakapita nthawi kafungo kake sikachoka ngakhale muchape bwanji, ndipo simungaitenthe ndi simbi kapena madzi owira. Pochapa imatayanso tizidutswa ta pulasitiki tosaoneka ndi maso timene timathera m'madzi.

Polycotton ndi thonje losakaniza ndi poliyesitala, theka ndi theka kapena 65 kwa 35. Ndiyo imapezeka m'malo ogona anthu ambiri chifukwa imapirira kuchapidwa tsiku ndi tsiku ndipo siikwinyika kwenikweni. Papaketi amaikonda kuilemba easy care kapena non-iron. Yolembedwa cotton rich thonje ndi limene lachuluka, koma kuchulukako kukhoza kukhala kopitirira theka pang'ono chabe. Vuto la nsalu zosakaniza ndi timibulu: ulusi wa thonje ukaduka, wa poliyesitala umaugwira osaulola kugwa, ndiye pakati pa shiti, pamene pamagona chiuno ndi mapazi, pamayamba kukhakhala ngati mchenga. Ngati ndalama zakuvutani, polycotton yokhala ndi thonje lambiri ndi yabwino kuposa microfibre pa nkhani ya kutentha.

Liwu lina lofunika kulimasulira ndi bamboo. Munthu ukamva nsungwi umaganiza za chinthu chachilengedwe. Zoona zake n'zakuti nsungwizo amazisungunula ndi mankhwala amphamvu kukhala phala, phalalo n'kulitulutsa pa timabowo kukhala ulusi wotchedwa viscose kapena rayon, monga amachitira ndi mitengo ina. Ku America bungwe la boma loona za malonda, Federal Trade Commission, limafuna kuti nsalu zotere zizilembedwa kuti ndi rayon, ndipo mu 2022 masitolo a Walmart ndi Kohl's analipitsidwa madola 5.5 miliyoni onse pamodzi chifukwa chogulitsa rayon m'dzina la nsungwi. Nsaluyo payokha si yoipa ayi. Ndi yofewa, yozizirira, imamwa thukuta. Kungoti ikanyowa imafooka, ndiye siifuna kufikisidwa kapena kufinyidwa mwamphamvu. Mnzake ndi lyocell, amene dzina lake lamalonda lodziwika ndi Tencel, wopangidwa m'njira imene mankhwala ake amabwezeredwa n'kugwiritsidwanso ntchito, ndipo ndi wolimbirapo akanyowa.

Za nyengo yozizira n'zosavuta. Flannel, flannelette ndi brushed cotton pa mashiti ndi chinthu chimodzi: thonje limene alipalasa ndi maburashi kuti lituluke ubweya. Ubweyawo umasunga mpweya wofunda, moti simumva kuzizira kuja kwa shiti mukangolowa m'bedi. Amayesanso ndi gsm, ndipo ya 170 kapena kupitirira imakhalitsa. Chenjezo limodzi lokha: ku Britain, munthu akakupemphani flannel m'bafa akufuna kathaulo kosambira kumaso, musamutengere shiti. Jersey ndi nsalu yolukidwa ngati ya tisheti, dzina lake linachokera ku chilumba cha Jersey. Imatamuka, siikwinyika, koma ikakalamba imatayirira n'kumasonkhana pakati pa bedi.

Liwu limene ambiri salidziwa

Pali liwu lina la Chingerezi la nsalu yapabedi limene silipezeka kawirikawiri papaketi ya mashiti koma limasokoneza owerenga: ticking. Silikukhudzana ndi kulira kwa wotchi, kapena tick uja wotanthauza nkhupakupa. Kale matiresi anali thumba lalikulu lodzazamo udzu, ubweya kapena nthenga, ndipo thumbalo ankalitcha tick, kuchokera ku liwu la Chilatini lakuti theca, lotanthauza chikwama kapena chosungiramo. Ticking ndi nsalu yosokera thumba limenelo. Imawombedwa mothinana kwambiri kuti nsonga za nthenga zisabowole n'kumakubayani kutsaya, ndipo mwamwambo imakhala yoyera yokhala ndi timizere tating'ono tabuluu, takuda kapena tofiira.

Mukavula pilokesi, nsalu imene yasokedwa pa pilo weniweniyo ndiyo ticking. Ndi mmenenso amatchulira nsalu yokuta matiresi, ngakhale masiku ano yambiri ndi yolukidwa ya poliyesitala yopanda mizere. Pogula pilo wa nthenga ndi pamene liwuli limakuthandizani: down proof kapena feather proof ticking ndiye kuti nthenga sizituluka. Koma mukaona chikuto cha duveti cholembedwa ticking stripe, akungonena timizereto. Nsalu yake ikhoza kukhala percale wamba. Apa liwu lachoka pa nsalu n'kukhala dzina la maonekedwe, njira yomweyo imene linen anadutsa.

M'sitolo

Chimene ndimachita tsopano n'chakuti kutsogolo kwa paketi sindikuwerenga n'komwe. Ndimatembenuza, n'kufuna pamene alemba maperesenti, chifukwa m'mayiko ambiri lamulo limakakamiza opanga kunena zoona pamenepo, pomwe mawu ngati luxury, premium ndi hotel quality aliyense amalemba mmene wafunira. Ngati sitolo yayala chitsanzo, ndimafumbata kona ya nsalu mwamphamvu n'kutaya. Linen weniweni amatsala ndi makwinya akuthwa, thonje limatsala ndi ofewa, poliyesitala amabwerera mwakale ngati sanakhudzidwe. Kenako ndimaikweza ku kuwala. Linen amaonetsa ulusi wosafanana, pena wonenepa pena woonda, ndi timfundo apo ndi apo. Percale yabwino imaoneka yofanana ponseponse, osati yoonekera ngati sefa. Kufewa kwa m'sitolo kokha sindikukhulupirira, chifukwa nsalu zambiri amazipaka zofewetsa zimene zimatha pakuchapa koyamba.

Ngati mumatuluka thukuta kwambiri, thumba likulola, ndipo makwinya sakukhudzani, gulani linen wa fulakesi, ngakhale shiti imodzi yapansi poyambira kuti muone ngati khungu lanu likugwirizana naye. Ngati mukufuna kuzizira komweko pa mtengo wapakati, percale ya 100% cotton ya pakati pa 200 ndi 400. Ngati mumamva kuzizira usiku kapena mumakonda zosalala, sateen, ndipo nyengo yachisanu ikafika, brushed cotton. Onaninso kukula kwake mu masentimita, osadalira mawu akuti double, queen kapena king, chifukwa king wa ku Britain ndi wa masentimita 150 m'lifupi pamene wa ku America amafika 193. Pa fitted sheet, ija ya lasitiki m'makona, yezani kunenepa kwa matiresi anu musanachoke pakhomo, ndipo muwonjezereko pang'ono, chifukwa thonje ndi linen zonse zimabwerera zikachapidwa koyamba.